Zinalembedwa pa Tsamba 19

Achimwene anga anakwera ndege koyamba imvi zitayamba kale kutuwa m'mutu, chonsecho anali atagwira ntchito pa bwalo la ndege kuyambira ali mnyamata. Kunyumba tinkawaseka kuti ali ngati wogulitsa nsapato woyenda chapansi. Iwo sankakwiya. Ankangoti, "Wina ayenera kutsala pansi kuti adziwe kulemera kwa amene akupita m'mwambawo."

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndipo ntchito yanga ndi yosoka. Za ndege sindinaphunzire. Zimene ndikulemba pano ndi zomwe anandifotokozera eni ake, atakhala pa benchi ya m'shopu mwanga, lero pang'ono mawa pang'ono, ndi zina zimene ndinaona ndi maso angawa.

Anayamba ndi kunyamula masutikesi n'kumaika pa sikelo. Patapita zaka ziwiri dzanja lawo linaphunzira ntchito kuposa sikeloyo. Ankati akangotukula chikwama, amatchula kulemera kwake, ndipo muvi wa sikelo umangovomereza. Anzawo anayamba kuwatchula kuti a Sikelo, dzina lija n'kumera mizu mpaka ana a anthu oyandikana nawo nyumba sankadziwa kuti ali ndi lina. Bwana wina ataona mmene ankalembera manambala, oongoka ngati asilikali pa mzere, anawachotsa ku masutikesi n'kuwalowetsa mu ofesi yokonza mapepala a oyendetsa ndege.

Ofesiyo ndinalowamo kangapo. Kanali kachipinda ka pansi, ka zenera limodzi lalikulu loyang'ana kumene ndege zimaima. Munali matebulo atatu, makina osindikizira omwe ankatafuna mapepala akatopa, ketulo, ndi kauntala yathabwa yomwe pakati pake panali posalala chifukwa cha zigongono. Ndege iliyonse isananyamuke, oyendetsa ake ankabwera pa kauntalapo kudzatenga mtolo wa mapepala. Mu mtolomo munkakhala kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta, za nyengo, kenako zidziwitso za zinthu zimene zasintha pa mabwalo ndi m'njira.

"Zili ngati ntchito yakoyi," anandiuza tsiku lina ndikudula nsalu. "Sudula usanayeze. Iwonso akakhala kutsogolo kuja amalowetsa mu kompyuta kulemera kwa ndege, kutentha kwa kunja, mphepo, ndi kutalika kwa msewu womwe athamangepo. Kompyutayo ndiyo imawauza moto woti apatse injini. Msewu ukakhala wautali sapatsa moto wonse, amasunga injini kuti zisathe msanga. Ukakhala waufupi, amapondereza mpaka pamapeto."

"Nanga akalowetsa zolakwika?"

"Kompyuta sikana. Ukaiuza bodza, imakuyankha bodza mwaulemu."

Achimwene ndi alamu anga anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Tinkamutcha Kafunso, chifukwa anayamba kufunsa asanayambe kuyenda bwinobwino. Bwanji singano ili ndi diso limodzi? Bwanji azakhali mumaluma ulusi pamene lumo lilipo? Ukamuuza kuti watopetsa, ankakuyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi akuti safunsa anadya phula." Mayi ake ankafuna adzakhale namwino. Iye ankangomwetulira, masamu n'kumakhoza mopitirira anyamata onse. Kampani ya ndege italengeza kuti ikufuna achinyamata oti ikawaphunzitse kuyendetsa, analemba mayeso osauza munthu. Bambo ake anaona dzina lake pa chikwangwani cha kuntchito, akudutsa ndi kapu ya tiyi m'manja.

Anapita kunja kwa dziko zaka ziwiri. Atabwera, yunifolomu yomwe anam'patsa inali yaikulu m'mapewa, ndiye anabwera nayo kwa ine. Ndikubaya mapini anati, "Azakhali, musachepetse kwambiri. Ndikadzakhala kaputeni ndikufuna ndidzanenepe pang'ono kuti anthu azindiopa."

Ulendo woyamba wa achimwene m'mwamba unali mu ndege imene mwana wawo anakhala kutsogolo. Alamu anga akuti ulendo wonse achimwene sanayang'ane pa zenera, anangotseka maso n'kumamvetsera injini. Atatera, Kafunso anawafunsa mmene ayendera. Iwo anati, "Kunyamuka kunali bwino. Potera mwagwetsa ngati thumba la simenti." Mwana uja anaseka mpaka misozi, koma madzulo ake anawapeza akuuza woyandikana nawo nyumba kuti ndegeyo inatera ngati nthenga.

Kuntchito anagwirizana kuti za ubale zizitsala pa geti. Iye ankawatchula a Sikelo ngati wina aliyense, iwo n'kumamutcha bwana. Zinayenda choncho zaka zinayi.

Chaka chachinayicho, m'nyengo yotentha, anayamba kukonza phula la kumapeto kwa msewu wa ndege. Milungu iwiri yoyamba okonzawo ankagwira masana okha, nthawi imene ndege zikuluzikulu sizinyamuka. Mlungu wachitatu anasintha, n'kuyamba kugwira m'mawa. Zimenezi zinatanthauza kuti m'mawa gawo limodzi mwa magawo atatu a msewuwo linali lotseka, ndipo kumeneko kunali anthu ndi makina. Msewuwo unali ndi kachitunda pakati, moti munthu amene ali koyambira sakanatha kuona za kumapeto.

Chidziwitso cha kusinthako chinatuluka monga mwa lamulo. Mu mtolo wa tsiku limenelo, wa masamba 31, chinali pa tsamba 19. Pamwamba pake panali chidziwitso cha nyali yothima pa bwalo lina lakutali, pansi pake cha mbalame zomwe zachuluka pa bwalo linanso. Chinali mizere iwiri ya zilembo zikuluzikulu zokhazokha, mawu ake oduladula, ofanana ndendende ndi ena onse. Ndinadzachiona pambuyo pake. Ine amene ndimaona ulusi wakuda pa nsalu yakuda, ndinachidumpha kawiri achimwene asanandilozere ndi chala.

Linali Lachinayi. Achimwene anafika kuntchito dzuwa likutuluka, anawerenga zidziwitso zonse monga ankachitira, ndipo chimenechi anachiona. Mumtima anati aziuza pakamwa aliyense wobwera pa kauntala, ngakhale silinali lamulo. Oyendetsa ndege yoyamba achimwene anawauzadi. Ndege yachiwiri inali ya Kafunso.

Dzulo lake alamu anga anali atawanong'oneza kuti mwana ali ndi mnyamata, mphunzitsi wa masamu, ndipo akufuna kudzaonekera Lamlungu. Anawalumbiritsa kuti asaulule kuti amva. Achimwene anagona ndi nkhaniyo, anadzuka nayo, anakwera nayo basi. Kafunso atalowa yekha, kaputeni wake ali panja pa foni, achimwene anakankhira mtolo uja kwa iye n'kunena motsitsa mawu kuti anzawo asamve:

"Bwana, ndamva kuti kukubwera katundu Lamlungu."

Iye anaphimba nkhope ndi chipewa chake. "Amayi sasunga chinsinsi ngakhale usiku umodzi."

"Ine sindinatchule munthu. Ndikungofunsa monga mwa ntchito. Akulemera bwanji?"

"Mudzamuyeza nokha, a Sikelo. Koma musadzamutukule."

Anasaina, anatenga mtolo, anatuluka akuseka. Foni ya pa tebulo inalira, kunali anthu a katundu akufunsa za mabokosi ena. Pamene achimwene ankakumbukira za msewu uja, zitseko za ndege zinali zitatsekedwa. Akuti anaima kaye, dzanja lili pa wailesi. Kenako anadziuza kuti zili m'mapepala, mwanayo amawerenga chilichonse, ndipo a pa nsanja olondolera ndege anenanso. Anachotsa dzanja.

Anapita pa zenera monga ankachitira mwana wawo akamanyamuka. Munthu amene wamva ndege zikunyamuka kwa zaka makumi atatu amadziwa kulira kwa injini ngati mmene mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake. "Khutu linadziwa mutu usanadziwe," anandiuza. "Inkalira mofatsa, ngati ili ndi msewu wonse." Anaiona ikukwera kachitunda kaja, kenako kulira kunasintha, kunakhala kwaukali. Mphuno inadzuka. Matayala akumbuyo anakola chimakina chosalaza phula, ndegeyo inapendekeka, n'kukagwera kuseri kwa mpanda.

Anathamanga. Alonda awiri anawagwirira pa geti lolowera ku msewu, ndipo mmodzi mwa iwo anadzandiuza kuti sanaganizepo kuti mkulu woonda choncho angakhale ndi mphamvu zotero. Munali anthu 97. Ambiri anatuluka amoyo. Khumi ndi mmodzi anamwalira, kuphatikizapo oyendetsa onse awiri ndi amuna awiri okonza msewu.

Ine ndinali ndikusoka diresi la ukwati la mwana wa kasitomala pamene alamu anga anaimba. Sanalire. Anangoti, "Alamu, tsekani shopu mubwere." Diresilo ndinalisiya singano ili m'nsalu, ndipo anadzalimaliza ndi telala wina.

Mphunzitsi wa masamu uja anabweradi Lamlungu. Anafika atavala jekete lomwe ankati adzaonekere nalo, n'kupeza nyumba yodzaza anthu, mipando ili panja. Palibe ankamudziwa. Anaima pa khomo mpaka alamu anga anamuzindikira chifukwa cha chithunzi chimene anaonetsedwa pa foni. Achimwene anam'patsa moni wa dzanja, osamusiya kwa nthawi yaitali. Pambuyo pake anandiuza kuti, "Chemwali, dzanja langali lilibe manyazi. Linamuyeza lokha."

Anthu obwera kudzapepesa ankanena zimene anthu amanena. Mkulu wina wa ku mpingo anati chakudza sichiimba ng'oma. Achimwene, omwe chiyambire m'mawa sanatsegule pakamwa, anayankha kuti, "Ichi chinaimba, bambo. Koma chinaimbira pa tsamba 19." Mkulu uja sanamvetse, ndipo anangogwedeza mutu.

Ofufuza za ngozi anatenga chaka ndi miyezi iwiri. Achimwene anawaitana katatu. Ulendo woyamba womwewo anawauza okha, asanafunsidwe, kuti anachiona chidziwitsocho, anafuna kunena, ndipo sananene. Mkulu wa ofufuzawo, mayi wa magalasi wolankhula mofatsa, anawafunsa ngati panali lamulo loti azinena pakamwa. Anati ayi. Anafunsa ngati chidziwitsocho chinali mu mtolo. Anati chinalimo. Mayiyo anati, "Ndiye inu munachita zonse zimene ntchito yanu imafuna." Achimwene akuti mawu amenewo anawapweteka kuposa akanawatukwana.

Lipoti lisanatuluke, anaitana abale a oyendetsa ndege kuti akamve kaye paokha. Alamu anga anakana. Anati, "Mwana wanga ndinamumva akulankhula zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Za mphindi yomalizayo musungeni nokha." Ndiye achimwene ndinawaperekeza ine.

Anatikhazika m'chipinda cha tebulo lalitali. Mkazi wa kaputeni anakhala mbali inayo ndi mchimwene wake. Mayi wa magalasi uja anafotokoza mwadongosolo. Oyendetsawo analowetsa mu kompyuta kutalika kwa msewu wonse, monga ankachitira masiku onse, ndipo kompyuta inawapatsa moto wochepa. A pa nsanja anatchuladi za kukonza msewu pa wailesi, koma mwachidule, pa nthawi imene wothandiza anthu m'ndege analowa kudzanena kuti chiwerengero cha okwera sichikugwirizana. Panalibe chilichonse kutsogoloko choti chiwachenjeze kuti nambala yawo ndi yosiyana ndi msewu umene ali pamenepo.

Kenako anatipatsa pepala la mawu ojambulidwa m'kabokosi ka m'ndege. Mawu enieniwo sanatimvetsere, anali olembedwa chabe, lililonse ndi nthawi yake pambali. Achimwene anayendetsa chala pa mizere. Ndege itathamanga kwa kanthawi, Kafunso anati, "Kaputeni, kodi zikwangwani zachikasu zija n'zachiyani?" Kaputeni anayankha kuti, "N'za okonza aja, amayamba masana. Manambala ali bwino." Patapita masekondi asanu ndi awiri, atafika pamwamba pa kachitunda, Kafunso anati, "Kuli anthu." Apo ndi pomwe anapereka moto wonse. Mawu ake omaliza anali akuti, "Kokani, kokani."

Mchimwene wa mkazi wa kaputeni anafunsa funso limene tonse tinkaliopa. Mayi uja anavula magalasi n'kunena kuti akanapereka moto wonse pa funso loyamba lija, ndegeyo ikanadutsa pamwamba pa makinawo.

Mkazi wa kaputeni anayamba kulira n'kumapepesa kwa ife, ngati wolakwa ndi iye. Achimwene anadzuka, anazungulira tebulo, anakagwada pafupi naye. "Mayi, amuna anu anakhulupirira nambala. Nambalayo inadutsa m'manja mwanga. Tisagawane zimenezi, n'zolemera kale."

Pobwerera, m'basi, ndi pomwe anandiuza za nthabwala ya pa kauntala ija. Anati ndisadzauze alamu anga mpaka kufa. "Ndi iwo anandiuza za mnyamatayo. Akadziwa kuti ndi nkhani imeneyo inandiiwalitsa, adzati anapha mwana ndi pakamwa pawo. Bola azidziwa kuti ndinangoiwala."

Tonse tinkaganiza kuti asiya ntchito. Kampani inawauza kuti akhoza kusamukira ku ofesi ina ya kutali ndi zenera lija. Anakana. Anabwerera pa kauntala yomweyo, ndipo m'mawa woyamba anatenga pepala loyera ndi cholembera chofiira. Pamwamba analemba kuti ZASINTHA LERO. Pansi pake ankalemba zinthu zosapitirira zitatu, m'mawu wamba oti mwana wa pulayimale akhoza kumva, ndipo choyamba nthawi zonse chinali kutalika kwa msewu umene ulipodi tsiku limenelo. Pepalalo ankalimata pamwamba pa mtolo. Munthu asanasaine, ankamuuza kuti awerenge nambalayo mokweza, iwo akumva.

Oyendetsa ena ankawerenga mwachifundo, podziwa chimene chinawagwera. Ena zinkawanyansa. Kaputeni wina wamkulu anawakankhira pepalalo n'kunena kuti, "A Sikelo, ine ndinayamba kuuluka inu mukunyamula masutikesi. Mukufuna ndiziimba ngati mwana wa sukulu?"

"Imbani, bwana. Ndi mzere umodzi wokha."

"Ndikakana?"

"Mukakana muuluka ndithu, ine ndilibe mphamvu yokuletsani. Koma ndikhala pa zenerapo."

Kaputeniyo anawayang'ana, anayang'ana zenera, kenako anawerenga.

Bwana wa ofesi yawo, munthu wabwinobwino koma woopa akuluakulu, anawaitana n'kuwauza kuti pepalalo si lovomerezeka. Anati tsiku lina adzaiwala kulembapo chinthu, oyendetsa n'kuganiza kuti palibe chasintha, ndiye mlandu udzakhala wa ndani? Achimwene anavomera kuti funsolo ndi loona. Anati ndiye chifukwa chake pepalalo lisakhale la a Sikelo, likhale la kampani, lokhala ndi malamulo ake ndi munthu wachiwiri wolionanso. Analemba kalata yopempha zimenezo. Sanayankhidwe. Analembanso. Makalata ena ankawalembera m'shopu mwanga, pa tebulo lodulira nsalu, chifukwa kunyumba alamu anga sankafuna kuona pepala lililonse la ku bwalo. Anali atachotsa ngakhale kalendala ya kampani pakhoma. Ndege ikamadutsa pamwamba, ankatsegula mpopi wa kukhitchini mpaka idutse.

Ndinawafunsapo ngati pepala lawolo linapulumutsapo munthu. Anati sakudziwa, ndipo sadzadziwa. "Ngozi imene sinachitike ilibe maliro, chemwali. Palibe amabwera kudzakuuza kuti lero sitinafe."

Chaka chachinayi chichitikire ngozi, kampani inatulutsa tsamba lakelake loyamba, losindikizidwa bwino, lokhala ndi bokosi la zinthu zasintha pamwamba penipeni. Panabweranso lamulo loti oyendetsa awiriwo aziwerengera manambala onyamukira aliyense payekha, kenako n'kufananitsa mokweza. Kalata yolengeza zimenezi inati izi zachokera mu malangizo a ofufuza. Dzina la achimwene silinatchulidwe, ndipo iwo sanadandaule. Anangobwera ndi tsamba limodzi kudzandionetsa, n'kudandaula kuti zilembo zake n'zazing'ono.

Chinthu china chimene ofufuza analangiza chinatenga nthawi yaitali. Ankafuna kuti m'ndege mukhale chipangizo choti chizifananitsa chokha nambala imene oyendetsa alowetsa ndi msewu umene ndege yaimapo, n'kuchenjeza ngati sizikugwirizana kapena ngati ndege sikuthamanga mokwanira. Chinabwera ndi ndege zatsopano, patatsala miyezi yochepa kuti achimwene apume pa ntchito. Kaputeni wamkulu uja, yemwe poyamba anakana kuimba ngati mwana wa sukulu, anali tsopano wophunzitsa anzake. Ndi iye anabwera pa kauntala n'kunena kuti, "A Sikelo, mawa masana mubwere ku nyumba yophunzitsira. Pali chimene ndikufuna mumve."

Anandipempha kuti ndipite nawo. Kumeneko kuli chipinda chomangidwa ngati kutsogolo kwa ndege, cha mipando iwiri, mabatani ponseponse, ndi mazenera oonetsa msewu ngati kanema. Chimagwedezeka ngati ndege yeniyeni koma sichichoka pamalo. Kaputeni anakhala kumanzere. Achimwene anawalozera mpando wa kumanja, umene amakhala wothandiza. Anazengereza, kenako anakhala, manja ali pa mawondo ngati mlendo. Ine ndinaima kumbuyo.

Kaputeni analowetsa dala kutalika kwa msewu wonse, pamene chipindacho anachiuza kuti msewu ndi wodulidwa. Anakankha zogwirira za moto. Tisanasunthe n'komwe mtunda woti n'kuutchula, kunayaka nyali yofiira ndipo mawu a munthu wamkazi, osanjenjemera, ananena kawiri kuti msewu ndi waufupi. Kaputeni anabweza moto n'kuponda mabuleki. Tinaima, msewu wambiri udakali kutsogolo.

Achimwene anati, "Bwerezani."

Anabwereza. Mawu aja ananenanso chimodzimodzi.

"Bwerezaninso."

Kachitatu, kaputeni atayimitsa, anafunsa kuti, "Mwamva bwanji?"

"Ameneyu mwamumvera msanga," anatero achimwene. "Sanafunse n'komwe mwaulemu."

Kaputeni anazimitsa mazenera aja, n'kutuluka kuti atisiye tokha. Achimwene anakhalabe pa mpandopo, akusisita lamba wake ndi chala. Aka kanali koyamba kuwaona akulira chichitikire zonsezi. Pa maliro sanalire, kwa ofufuza sanalire. Analira mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. Ndinangowagwira paphewa mpaka mlonda anabwera kudzati ena akudikira kuti aphunzire.

Atapuma pa ntchito, masiku anawatalikira. Anayesa kulima maluwa kuseri kwa nyumba, anayesa kukonza mawailesi a anthu. Iwo ndi alamu anga ankakhala mwamtendere, koma unali mtendere wa anthu awiri odikira basi imodzi. Ankafunsana za mankhwala, za mpopi wodontha, za amene wadwala ku mpingo. Dzina la mwana silinkatchulidwa. Chipinda chake alamu anga ankachisesa Loweruka lililonse n'kutsekanso.

Chaka chatha, Loweruka lina m'mawa, ndinapita kukayeza mazenera awo kuti ndiwasokere makatani atsopano. Ndinali pa mpando, tepi ili m'manja, achimwene akundigwirira mpandowo kuti ndisagwe. Alamu anga anatuluka m'chipinda chija ndi tsache, anaima pakati pa balaza, n'kunena ngati akupitiriza nkhani imene tinali tikukamba kale:

"Abambo, pa kauntala paja munakambirana chiyani ndi mwana?"

Achimwene anati, "Za ntchito basi."

"Zaka zisanu ndi zinayi mukundinamiza, ndipo simudziwa kunama." Anatsamiritsa tsache kukhoma. "Anandiimbira foni akupita kokakwera. Anati, 'Amayi, mwaulula. Ababa akufunsa kuti akulemera bwanji.' Ankaseka. Ine ndinati ndikupepesa, iye anati tikambirana madzulo."

Achimwene anasiya mpando, ndipo ine ndinatsika ndekha.

"Ndiye munkadziwa," anatero.

"Tsiku limene munauza ofufuza kuti munaiwala, ndinadziwa chimene chinakuiwalitsani. Ndinkaopa kuti ndikanena, mudzaona kuti ndi ine ndinakupatsani nkhaniyo, ndipo simudzathanso kundiyang'ana."

"Ine ndimabisa kuti inu musadzione choncho."

Alamu anga anakhala pansi pa sofa. Kenako anati, "Ndiuzeni za pa pepala lija. Zimene ndinakana kukamva kwa ofufuza."

Achimwene anakhala pafupi nawo n'kuwauza zonse, mzere ndi mzere, osasintha liwu. Anali atazisunga pamtima ngati pemphero. Atafika pa zikwangwani zachikasu, alamu anga anawagwira mkono.

"Ndiye anaona?"

"Anaona."

"Anafunsa?"

"Anafunsa, amayi."

Alamu anga anagwedeza mutu kangapo, misozi ikutsikira m'khosi osaipukuta. Ine ndinapinda tepi yanga mwakachetechete n'kupita kukhitchini kukateleka madzi. Ndili kumeneko ndinawamva akutchula dzina lenileni la mwanayo, limene anam'patsa atabadwa, wina akatchula wina n'kutchulanso. Madzi anawira mpaka ndinathiramo ena, chifukwa sindinafune kulowa.

Mazenera awiri otsalawo ndinadzayeza mlungu wotsatira. Achimwene tsopano maso akuvuta, ndipo dokotala akuti limodzi silidzaonanso. Alamu anga ndi amene amawawerengera zolembedwa pa mabotolo a mankhwala, ndipo amawaperekeza akamabwera kudzakhala pa benchi ya m'shopu mwanga Lachiwiri masana. Amakhala awiriwo, ine n'kumasoka.